Njerwa m'Makatoni a Edina

Kalekale, anthu asanayambe kudzijambula okha ndi mafoni a m'manja, patsinde pa phiri la Mulanje panali kanyumba ka malata kojambulirako zithunzi. Kanali m'mbali mwa njira yochokera ku mathithi, kotero mlendo aliyense wotsika m'phiri, miyendo ili njenjenje, ankadutsa pakhomo pake. Ankamuimika pamwala, phiri lili kumbuyo kwake, n'kumujambula. Asanamalize n'komwe kupukuta thukuta, chithunzi chinkakhala chatuluka m'makina, chalowa m'fulemu ya mtengo wa mkungudza, iye n'kupita nacho kwawo kukaonetsa abale kuti phiri lija analikweradi.

Mwini malowo anali Mai Kalitera, amene ankakhala ku Limbe ndipo ankangobwera mwa apo ndi apo. Woyendetsa ntchito tsiku ndi tsiku anali Bambo Matekenya. Pansi pawo panali akapitawo awiri: Waisoni wa shifiti ya masana, ndi Edina Khoviwa wa shifiti ya m'mawa. Nkhani yathu ndi ya Edinayu.

Edina ndiye ankalandira katundu akafika kuchokera kutauni: mapepala osindikizirapo zithunzi, inki, ndi makatoni a mafulemu. Ankawasanja m'chipinda chosungiramo katundu, akale kutsogolo, atsopano kumbuyo, ndipo dzuwa likafika pamutu ankapereka makiyi kwa Waisoni n'kuweruka. Kunyumba kunali mayi ake, amene matenda anawagoneka pamphasa moti sankathanso kudzithandiza okha. M'mawa uliwonse Edina ankanyamula zofunda za mayiwo, n'kukazichapa kumtsinje asanalowe ntchito. Ankaziyanika kuseri kwa kanyumba kaja, ndipo poweruka ankazikulunga m'chitenje kuti anthu asaone manyazi a amene anamubala. Wodziwa za mtolowo anali mmodzi yekha, Luwiza, wojambula wa shifiti ya m'mawa. Awiriwa anavinidwa limodzi ali atsikana, ndipo masiku ena Luwiza ankagwira mbali ina ya bulangete pofinya.

Tsiku lina kunafika basi yodzaza ndi amayi a kwaya ochokera ku Lilongwe, aliyense akufuna chithunzi chake m'fulemu. Mafulemu a kutsogolo atatha, Edina anakoka katoni ya kumbuyo. Inali yolemera bwinobwino, yomata ndi tepi monga inafikira. Ataing'amba, anapeza zidutswa za njerwa zokulungidwa m'nyuzipepala. Anatsegula ina, njerwa. Inanso, njerwa. Katoni ya mapepala, mchenga. Munthu wina anali akutsegula makatoniwo chapansi, kuchotsa katundu, n'kumatanso mwaluso.

Edina sanabise. Anathamanga yekha kwa Bambo Matekenya, manja ali fumbi la njerwa lokhalokha.

"Abwana, tabwerani mudzaone. Atibera."

Bambo Matekenya ataona, thukuta linawatuluka. Anadziwa kuti Mai Kalitera akamva, woyamba kufunsidwa ndi iwowo. Amayi a kwaya atakwera basi yawo akudandaula, anaitana antchito onse n'kuwaimika pakhonde.

Anayamba ndi Waisoni. "Makiyi amakhala ndi iwe masana onse. Ukudziwapo chiyani?"

Waisoni anatambasula manja. "Ine abwana sindikudziwapo kanthu. Makatoni a kumbuyo sindiwakhudza n'komwe."

Atatero anatembenukira kwa a shifiti ya m'mawa. "Wakuba akapanda kupezeka mwini wake asanafike, shifiti yonse ya m'mawa ipita. Aliyense adzikafotokoza yekha kwa ana ake."

Luwiza anali ndi ana anayi, bambo wawo atapita ku Joni osatumizanso ngakhale moni. Anayang'ana pansi, n'kuyankhula ngati akuuza zala za kumapazi kwake.

"Ine ndimangoona achemwaliwa akutuluka ndi mtolo m'chitenje. Tsiku lililonse."

Edina anatembenukira kwa iye. "Luwiza! Iwe sudziwa zimene zimakhala mumtolomo?"

"Ine sindinautsegulepo," anatero Luwiza, maso ali pansi pomwepo.

"Nanga mumakhala chiyani?" anafunsa Bambo Matekenya.

Edina anayang'ana amuna amene anaima pakhondepo, ndi anthu ogulitsa nanazi amene anali atayamba kusendera pafupi. Akanati avule mayi ake pamaso pa gulu lonselo? Anangoti, "Ndi zovala, abwana." Bambo Matekenya anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kumulanda makiyi.

Kuchotsedwa ntchito kokha kukanapiririka. Koma Bambo Matekenya anafuna kuti Mai Kalitera akafika aone kuti pamalo pawo pali mwamuna wolimba. Anatenga chithunzi cha Edina, n'kuchisindikiza chachikulu pa makina omwe aja, n'kulemba pansi pake ndi inki yofiira kuti WAKUBA. China anamata pachitseko, china pamtengo wa kachere wa pamsika, china pamalo okwerera minibasi. Mvula ikachifufutitsa, ankasindikiza china.

Kuyambira pamenepo dzina la Edina linanunkha. Kumunda wa tiyi anamubweza pachipata. Ku nyumba zogona alendo anamuuza kuti malo kulibe, kwinaku akusuntha zikwama zawo. Kutchalitchi, amayi anzake ankati iye akakhala pabenchi, iwo n'kufinyikira mbali ina. Anayamba kukwera phiri kukatola nkhuni zogulitsa, ndipo njira yotsikira inali yomwe ija yodutsa pakhomo pa kanyumba kaja. M'mawa uliwonse ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni pamutu, nkhope yake yomwe ikumuyang'ana pachitseko, Luwiza ali mkati makiyi akulendewera m'chiuno, poti ukapitawo unagwera iyeyo.

Nkhaniyi Edina anawabisira mayi ake, koma mayi wina wobwera kudzazonda odwala anaitulutsa. Tsiku limenelo Edina atafika, anapeza mayi ake atatembenukira kukhoma.

"Edina."

"Wawa, amayi."

"Mankhwala anga aja, unkagula ndi chiyani?"

"Ndi malipiro anga, amayi. Mukundifunsa bwanji chonchi?"

"Ayi, ndangofunsa." Kenako anati, "Ngati unachitira ine, Mulungu akukhululukire. Koma bola ndikanangofa."

Edina analumbira, analira, anagwira mapazi awo. Mayiwo ankangoti, "Ndamva, mwanangu," koma maso awo sanabwererenso mwakale. Anayamba kukana mankhwala, kenako phala. Mwezi usanathe anatsikira kuli chete, ali ndi funso lija mumtima.

Pamaliro anthu anabwera ochepa. Luwiza sanaoneke. Bambo Matekenya sanaoneke. Amene anabwera anali Waisoni. Anafika ndi matabwa a bokosi, anakhoma yekha, ndipo mkazi wake anatula thumba la ufa pakhomo. Edina anagwada pamaso pake misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, inu nokha ndi amene mwandiyesa munthu."

"Musatero, achemwali," anatero Waisoni, akuyang'ana kumbali. "Dzukani, musandigwadire."

Atawaika mayi ake, Edina anatsalira kumanda anthu onse atabalalika. Sanalirenso. Anagwira dothi la pamtumbira n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, mwapita mukundiyesa wakuba. Amene anachita izi ndidzamupeza. Mlandu suwola."

Achibale anamuuza kuti asamukire kwa amalume ake ku Phalombe, kumene nkhope yake sinkadziwika. Anakana. Ankafuna kuti omulakwira azimuona tsiku ndi tsiku. Podutsa pakanyumba paja ankachepetsa liwiro dala, n'kuyang'anitsitsa Luwiza mpaka Luwizayo ankayang'ana kumbali. Bambo Matekenya akakumana naye panjira, iye sankapatuka; ankapatuka ndi iwowo. Podula nkhuni m'phiri, chikwanje chilichonse chinali ndi dzina: ichi cha Luwiza, ichi cha Matekenya, ichi cha wakuba amene sindikumudziwa. Mkwiyo unali ngati chikuni cha mtsatsi, chosayaka moto koma chosazimanso.

Dzinja lotsatira kunagwa mvula ya masiku, yosalekeza. M'mawa wina phiri linabangula, anthu n'kufuula kuti, "Napolo! Napolo!" Madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala anatsika ndi khwawa, nazula mitengo, nadutsa m'mphepete mwa mudzi. Mwamwayi sanatenge munthu. Koma anagumula khoma la kumbuyo kwa nyumba ya Waisoni, n'kukokolola zonse zimene zinali m'chipinda chimene iye ankachikhoma nthawi zonse.

Madzi ataphwera, anthu opita kukaona zowonongeka anaima kukamwa kuli yasa. M'munda wa tiyi wa kumunsi kwa nyumbayo munali mafulemu a mkungudza mbwee, ena atakodwa m'tchire, ena atazika m'matope. Mapepala a zithunzi anali atamatirira pamiyala ngati masamba. Edina anafika pamalopo nkhuni zili pamutu. Anatula mtolo wake, anatola fulemu imodzi, anaipukuta ndi chitenje, n'kuinunkhiza. Kenako anayang'ana Waisoni, amene anali chiimire m'matope ofika m'mawondo. Waisoni anangogwira kumaso.

Pamenepo Edina anakumbukira kuti anagwadira munthu ameneyu, ndi kuti anadya ufa wake. Anapita kuseri kwa tchire n'kusanza.

Mai Kalitera anafika msewu utangotseguka. Anaitana Edina, Waisoni, Luwiza ndi Bambo Matekenya m'kanyumba kaja n'kutseka chitseko. Anali mayi wa mawu ochepa.

"Aliyense anene zake. Edina amve."

Waisoni anayamba. "Ndinaba ndine, amayi. Ndinkafuna kudzatsegula kanga kojambulira ku Chitakale. Ndinkati ndikubera inu, amene simungamve kupweteka. Dzina la achemwaliwa sindinalitchulepo, ngakhale kamodzi. Nditaona zawagwera ndinachita mantha, ndipo katunduyo ndinalephera ngakhale kumugulitsa. Bokosi lija ndinakhoma chifukwa tulo sindinkatiwona."

Luwiza anatsatira, akulira. "Ine sindinabe kanthu, ndipo wakuba sindinkamudziwa. Abwanawa anati tonse tichotsedwa. Ndinaona ana anga. Ndinati Edina ndi wolimba, adzitchinjiriza yekha, anena zimene zili mumtolo, nkhani ithera pomwepo. Zofunda zija ndinkazidziwa. Ndinkafinya nawo ndi manja angawa."

Bambo Matekenya anakonza kolala ya malaya. "Ine sindinabe, sindinaname. Ndinaweruza potsata umboni umene anandipatsa. Wolandira katundu anali iyeyu, mboni inaloza iyeyu, ndipo nditamufunsa sanayankhe zomveka. Zithunzi zija, chabwino, ndinapyola nazo muyeso. Koma ndinkateteza katundu wanu, amayi."

Mai Kalitera anatembenukira kwa Edina. "Mwanangu, takulakwira. Ntchito yako ndakubwezera, ndipo Loweruka ndikaima ndekha pamsika kunena kuti sunabe. Tsono awa ndiwatani?"

"Onse atatu apite," anatero Edina. "Apite, ndipo asadzapezenso ntchito pansi pa phiri lino."

Mai Kalitera anapukusa mutu. "Mbalame ikatera pauta silasika. Nyengo ya alendo yayandikira. Makinawa akafa, wowadzutsa ndi Waisoni yekha kuno konse. Wodziwa kujambula ndi kuyankhula ndi alendo akunja ndi Luwiza. Amene amagwirizana ndi eni mabasi ndi a nyumba za alendo kuti azitibweretsera anthu ndi a Matekenya. Mmodzi ndingathe kumulowetsa m'malo. Atatu, ndiye kuti ndatseka, ndipo iwenso ntchito ulibe. Za katundu wanga ndithana nazo ndekha. Zimene tikuweruza pano ndi zako. Ndikupatsa mmodzi. Amene umutchule achoka lero, ndipo ndiuza aliyense wolemba ntchito kuno chifukwa chake, kuti alawe zimene unalawa. Ukatchula a Matekenya, mpando wawo ukhalapo ndiwe. Koma awiri otsalawo uzigwira nawo ntchito, uziwapatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo nkhaniyi isadzatulukenso pakamwa pako."

Kunja kunkamveka mtsinje, umene unali usanaphwe bwino. Edina anawayang'ana mmodzimmodzi, mosafulumira, monga munthu amene wadikira nthawi yaitali ndipo sakufuna kuti chakudya chimuthere msanga.

Anayang'ana Waisoni. Uyu ndiye muzu. Akanapanda kuika njerwa m'makatoni, Luwiza sakananama, Matekenya sakanamata chithunzi, mayi ake akanafa ndi mtendere. Anaima pakhonde paja akudziwa zonse, mawu amodzi okha akanamupulumutsa, koma anasunga pakamwa. Ndipo analola kuti amugwadire. Komabe sanamuloze chala, ndipo mwa atatuwa ndi yekhayo amene anabwera pamaliro. Napolo anali atamulanga kale: nyumba yagwa, mudzi wonse waona manyazi ake. Kumenya munthu amene wagwa kale, mtima ungakhute?

Anayang'ana Luwiza. Apa m'pamene pankawawa kwambiri. Waisoni anabera Mai Kalitera, koma Luwiza anabera iyeyo. Mlendo akakulasa umati sankakudziwa. Uyu anasankha malo ofewa chifukwa ankawadziwa. Anatenga chinsinsi cha mayi wodwala n'kuchisandutsa mkondo, kenako n'kuvala makiyi a mnzake m'chiuno, osabwera ngakhale kudzakhuza maliro. Komabe anayankhula mpeni uli pakhosi, ndipo kumuchotsa kunali kuchotsa chakudya pakamwa pa ana anayi amene Edina anawabereka kumbuyo ali makanda. Anawo analakwa chiyani?

Anayang'ana Bambo Matekenya. Kuba kunamuchotsa ntchito, bodza linamuchotsa mnzake, koma chimene chinamuchotsa pakati pa anthu ndi chithunzi. Chikanapanda chimenecho akanapeza ntchito kumunda wa tiyi, ndipo nkhani sikanafika pamphasa ya mayi ake. Iwowa ndi amene anaopseza Luwiza, iwowa ndi amene sanapite kukafufuza m'nyumba ya wina aliyense, ndipo mpaka lero mawu oti pepani anali asanatuluke pakamwa pawo. Komabe sanabe, sananame, ananamizidwa. Ndipo akawatchula, anthu a pamsika, amene lilime lawo iye ankalidziwa bwino, adzati Edina sankafuna chilungamo, ankafuna mpando. Wakuba ndi wabodza n'kutsala akudya.

Aliyense amene angamusiye, adzamuona m'mawa uliwonse. Akasiya Waisoni, azimupatsa makiyi masana alionse ndi dzanja lake. Akasiya Luwiza, aziima naye phewa ndi phewa pamaso pa alendo, akumwetulira. Akasiya Matekenya, aziwatchula kuti abwana mpaka kukalamba.

"Tikudikira, mwanangu," anatero Mai Kalitera. "Dzuwa likupendeka, ndipo ine ndibwerera ku Limbe lero lomwe."

Edina anapuma mozama. Anakweza dzanja lake, lokhakhala ndi zipsera za nkhuni, n'kutambasula chala.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, chala chili m'mwamba. Wina anaba koma sananamizire mnzake. Wina ananama koma sanabe. Wina sanabe, sananame, koma ndiye anapachika dzina la munthu pamtengo. Muvi uli umodzi, ndipo awiri otsalawo ndi oti udye nawo mbale imodzi moyo wako wonse. Tsono inu amene mwamva, tandiuzani, ndipo munene chifukwa chake: chala cha Edina chiloze ndani?